Chomwe Chinawagwetsa

Angerezi ali ndi liwu limodzi logwira ntchito ziwiri: undoing. Kumasula chingwe cha nsapato, kapena kuphwasula zimene telala wasoka molakwika, liwu lake ndi lomwelo. Koma akati chakutichakuti chinali undoing ya munthu, dziwani kuti chimenecho ndicho chinamugwetsa chagada. Ndipo kawirikawiri sanena mdani ayi, amanena kanthu kamene mwini wake anakalera yekha.

*

Al Capone, mfumu ya zigawenga ku Chicago, analemera ndi mowa pa nthawi imene boma la America linauletsa. Anthu ankaphedwa, apolisi ankamudziwa mwini nkhani, koma mboni zonse zinkagwidwa matenda oiwala. Kenako kunabwera anthu a mapensulo, owerengera ndalama za boma. Mu 1931 khoti linamugamula zaka 11 chifukwa chozemba msonkho. Zipolopolo zonse zija kuzizinda, n'kudzakodwa m'buku la ndalama!

*

Richard Nixon, pulezidenti wa America, analamula mu 1971 kuti mu ofesi yake ku White House muikidwe makina ojambula mawu mobisa, kuti a m'tsogolo adzamve nzeru zake. Anazimvadi. Matepi omwewo ndi amene anaulula kuti ankakwirira nkhani ya Watergate, ndipo mu Ogasiti 1974 anatula pansi udindo.

*

Koma katswiri pa onsewa ndi Gerald Ratner, amene ankayendetsa masitolo ambirimbiri a mphete, ndolo ndi mikanda ku Britain. Mu 1991, polankhula kwa akuluakulu anzake a bizinesi mu Royal Albert Hall ku London, bamboyu anafuna kuseketsa anthu. Anati akamufunsa chifukwa chimene katundu wake wina amatchipira chonchi, amayankha kuti n'chifukwa choti ndi zinyalala. Asanapume n'komwe anawonjezera kuti ali ndi ndolo zotchipa kuposa sangweji ya ku Marks & Spencer, kungoti sangwejiyo ingakhalitse kuposa ndolozo.

M'holo munali phwete. Kutacha nyuzipepala zinanyamula nkhaniyo, ndipo amayi amene anali atavala ndolozo m'makutu sanaone choseketsa. Mtengo wa kampani unatsika ndi mapaundi pafupifupi 500 miliyoni, ndipo chaka chotsatira iye anachotsedwa ntchito. Mpaka lero ku Britain, wamalonda akanyoza yekha katundu wake amati wachita za Ratner. Ineyo chimandidabwitsa n'choti nthabwalazo anachita kuzikonzeratu.

*

Pa kompyuta pokha ndi pamene liwuli lili ndi chifundo. Mnyamata wina ankaphunzitsa amalume ake kutaipa.

"Amalume, mukalakwitsa musadandaule. Mungodina Ctrl ndi Z, imeneyo ndiyo Undo, zonse zibwerera mmene zinalili."

Amalume anayang'anitsitsa mabataniwo, magalasi ali pamphuno.

"Imabwerera mpaka pati, iwe?"

"Mpaka pamene munayambira, amalume."

"Ndiye tadina. Ndikufuna ng'ombe zanga zija ndinagulitsa pochita kampeni ya ukhansala."