Malangizo kwa Ofuna Kuthawa Khansa ndi Botolo

Mukamva kuti akatswiri apeza mankhwala a khansa mu mowa, musataye nthawi kuwerenga nkhani yonse. Mutu wokha wakwana. Tumizani pa WhatsApp ya banja, valani malaya, mulunjike ku shabini ya ku Nangongwe dzuwa lisanapendeke. Mayi a kunyumba akafunsa, ayankheni mwaulemu kuti mukukalandira chithandizo.

Dzina la mankhwalawo ndi xanthohumol. Litchuleni msanga, chifukwa botolo lachinayi likadutsa lilime silidzalolanso. Amapezeka m'maluwa a hops, chomera choyanga chimene chimapatsa Mosi kakuwawa kake kaja. Mu 2002 gulu la Clarissa Gerhäuser ku Heidelberg, m'dziko la Germany, linalemba za mphamvu yake yolimbana ndi khansa, ndipo ku Oregon State University akhala akuwafufuza kwa zaka zambiri. Zoti anayesera pa maselo a m'timbale ta mu labu ndi pa mbewa, zisungeni mumtima. Ndiponso munthu amene wakhala pabenchi chiyambire m'mawa sasiyana kwenikweni ndi mbale.

Mwezi ukafika pakati, m'thumba mukauma, itanitsani Chibuku. Khutchumulani paketi mwaluso, mung'ambe pakona, thovu litsikire m'zala. Chibuku amaphika ndi chimanga ndi mapira, hops sanapondemo n'kamodzi komwe. Kachasu ndiye sanamumvepo n'komwe. Musadandaule, achimwene. Chachikulu n'chikhulupiriro.

Tsopano mlingo, pakuti apa ndi pamene ambiri amachita ulesi. Pofulula mowa hops amawiritsidwa, ndipo xanthohumol wambiri amasanduka chinthu china, moti mu lita imodzi ya mowa wamba wa m'botolo mumatsala wosakwana mamiligalamu 0.2. Ofufuza a ku Portland, pongofuna kuona ngati savulaza, ankapatsa anthu mamiligalamu 24 patsiku. Kuti muwapeze amenewo mufunika malita 120, kapenanso kuposa. Ndi zigubu zija za malita 20 zimene ana amatungira madzi pampopi, zisanu ndi chimodzi, tsiku lililonse, Lamulungu lomwe. Yambani mbandakucha. Wilibala mungabwereke kwa aneba.

Pa shabini iliyonse sipasowa wowononga macheza, kawirikawiri aphunzitsi opuma ntchito amene amamwa botolo limodzi madzulo onse. Adzakuuzani kuti mu 1988 bungwe la IARC la ku Lyon linaika mowa m'gulu loyamba la zoyambitsa khansa, momwe mulinso fodya. Adzati thupi limasandutsa mowa kukhala acetaldehyde, amene amawononga maselo, n'kuyamba kuwerenga ndi zala: m'kamwa, pakhosi, kummero, chiwindi, matumbo, bere. Akafika pa zimene WHO inanena mu 2023, zoti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza, aduleni pakamwa. Auzeni kuti agogo anu ankamwa mpaka zaka 90. Anzawo a agogowo amene anatsogola ali ndi zaka 50 musawatchule, akugona.

Tsiku lina mbamu ya nsima ikadzayamba kuima pakhosi, lamba n'kufuna bowo latsopano, musadzathamangire ku kiliniki. Kumeneko angakulembereni kalata ya ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ndipo ndalama ya minibasi ndi mabotolo angapo. Siyani nsima mudzigwira phala. Phala likadzayambanso kuvuta, Chibuku ndi chamadzimadzi, chimatsika chokha.