Mawu Akagonera Mopitirira

Akale anati mawu a akulu akoma akagonera. Sitikukana, koma anaiwala kutiuza kuti agonere masiku angati. Thobwa nalo limakoma likagona tsiku limodzi, koma mukalilekerera limaledzeretsa mudzi wonse. Zoterezi n'zimene zinagwera tinyimbo ta Angerezi timene ana athu amakuwa nato kumkombaphala.

Ka Little Miss Muffet kanasindikizidwa koyamba mu 1805. Kamtsikana kanakhala pa chinthu chotchedwa tuffet, kangaude n'kukathamangitsa. Nanga tuffet n'chiyani? Eni chinenero akukanganabe. Ena akuti ndi kachulu ka udzu, ena akuti ndi kampando kakafupi, ndipo alipo amene amaganiza kuti kampandoko kanatengera dzina kunyimboyo, ndiye kuti mwana anabala make. Enanso anakafukula Thomas Muffet, dokotala wofufuza za tizilombo amene anamwalira mu 1604, n'kumukakamiza kuti mtsikanayo ndi wake. Umboni wake? Mayina kufanana, basi.

Za Humpty Dumpty ndiye musachite kufunsa. Amati ndi dzira, koma m'nyimbo yonseyo dzira silitchulidwa. Zikuoneka kuti inali ndagi, dziralo n'kukhala yankho. M'zaka za m'ma 1600 dzinali linali la chakumwa, burande wowiritsa pamodzi ndi mowa. Kenaka linasamukira kwa munthu wamfupi woyenda mwaphuphuluphuphulu. Tsono mu 1956 David Daube, pulofesa wa ku Oxford, analemba mongocheza kuti Humpty chinali chida chankhondo chimene anazingira nacho mzinda wa Gloucester mu 1643. Iye ankaseka, koma anthu anameza ndi mbale yomwe. Lero pa WhatsApp nthabwala ija inakula, inamera ndevu: akuti unali mzinga umene unagwa pakhoma ku Colchester mu 1648, ndipo amene wakutumizirani amalumbira ngati analipo pozimitsa moto. Mumuuze kuti linali dzira chabe, akuchotsani pagulu.

Ine ndimawamvetsa. Munthu wamkulu, wa tayi, sangavomere kuti nyimbo imene anaimba ali mbulanda inalibe chinsinsi chilichonse.

N'chifukwa chake Ring a Ring o' Roses anaikoloweka pa mliri umene unapulula anthu ku London mu 1665. Vuto n'lakuti kumasulira kumeneku kunayamba kumveka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Odwala a mu 1665 aja anapita kumanda osadziwa n'komwe kuti anawapekera nyimbo.