Ufa wa Kapisozi pa Bala Langa

Ndine mlimi wa nzimbe kuno ku Dwangwa, ndipo kwa zaka zambiri ndinali dokotala wa pakhomo panga popanda wondituma. Pamwamba pa kabati ndinkasunga kachitini ka mankhwala: panado, bakitirimu wotsala kwa mayi a ana, ndi makapisozi a amoxicillin omwe ndinkagula awiriawiri pagolosale. Mwana akatsokomola ndinkam'patsa kapisozi. Nkhuku zikayamba kuwodzera ndi chitopa ndinkasungunula wina m'madzi awo. Anansi akabwera kudzadandaula za m'mimba ndinkawagawira ndi mtima wonse, poyesa kuti ndikuthandiza.

Nyengo yodula ili mkati, chikwanje chinaterereka pa nzimbe yotenthedwa n'kunditema pamwamba pa kakolo. Bala silinali lalikulu, koma munalowa mwaye ndi dothi. Ndinalitsuka ndi madzi a m'ngalande, n'kumanga kansalu. Madzulo ndinang'amba kapisozi, ndinathira ufa wake pabalapo monga ndinkaonera ena akuchitira, wina ndinameza. Kutacha ululu unali utachepa, ndiye ndinabwerera kumunda. Ntchito yodula siyembekeza munthu, chifukwa nzimbe yotenthedwa ikachedwa kufika kuchigayo shuga wake amatsika, ndalama nayo n'kutsika.

Bala linakhala chete kwa kanthawi, kenako linasanduka. Mwendo unatupa mpaka jombo kukana kulowa, khungu linatentha n'kumanyezimira, ndipo mwanabere anatuluka m'mphechepeche. Ndinawonjeza makapisozi, atatha ndinayamba bakitirimu, iyenso atatha ndinathira phulusa lofunda. Mayi a ana anandichonderera. "Bambo a ana, tiyeni kuchipatala, mwendowu wayamba kununkha." Ndinakana chifukwa ndinkawerengera ndalama za ulendo ndi nzimbe zotsala. Usiku umene ndinayamba kubwebweta ndi kutentha thupi, iwo sanandifunsenso. Anaitana wakabaza, ndipo m'mawa mwake ndinali pa galimoto pa msewu wa M5 kulowera ku Nkhotakota.

Adokotala atang'amba chotupacho mafinya anatuluka ochuluka moti ndinatseka maso. Anandifunsa zomwe ndinamwa, ndipo ndinaulula zonse. Sanandikalipire. Anangoti, "Bambo, mafinya otere kawirikawiri amadza ndi kachilombo kotchedwa Staphylococcus aureus, ndipo ambiri mwa tizilombo timeneti amoxicillin satiphanso." Anandiika pa jakisoni wa mtundu wina.

Amene anandimasulira bwino nkhaniyi ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe akuphunzira za labotale ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre. Anabwera kudzandizonda, anakhala m'mphepete mwa bedi n'kunena kuti, "Amalume, kachilomboko kanamva mankhwala anuwo akubwera." Ndinayesa akunditonthoza ndi nthabwala, koma ankanenadi.

Pa khungu la bakiteriya ameneyu, anatero, pali puloteni yotchedwa BlaR1, yomwe mbali ina ili kunja, ina mkati. Ntchito yake ili ngati ya mlonda wa pachipata. Mankhwala a fuko la penisilini, lomwe amoxicillin ali m'gulu lake, akaikhudza kunja, iyo imasintha kaimidwe n'kutumiza uthenga mkati. Uthengawo umachotsa chotsekera china, ndipo bakiteriya amayamba kupanga chinthu chodula mankhwalawo asanagwire ntchito. Choncho ufa umene ndinathira uja, ngati kachilombo kanga kanali ka mtundu umenewu, unangodzutsa mlonda.

Anandiuzanso chinthu chimene chinandichititsa nthumanzi kuposa choyambacho. Mabakiteriyawa amawerengana. Aliyense amatulutsa kachizindikiro kakang'ono, ndipo puloteni ina yotchedwa AgrC imakamva. Akakhala ochepa zizindikirozo zimakhala zochepa, ndipo iwo amangomatirira pamnofu n'kumaswana. Akachuluka, zizindikiro zimadzaza pamalopo, ndipo onse pamodzi amayamba kutulutsa poizoni woswa maselo a munthu. Ndinakumbukira masiku amene bala linali chete, ine ndikudula nzimbe ndi mtima woti ndachira.

Ndinamufunsa kuti anthu amaziona bwanji zinthu zazing'ono chonchi. Anati akatswiri amaumitsa puloteniyo ndi chisanu choopsa, n'kuijambula kambirimbiri ndi makina a cryo-EM, kenako kompyuta imalumikiza zithunzizo mpaka mpangidwe wake uoneke, pali ponse pokhota ndi pobooka. Gulu la Natalie Strynadka ku University of British Columbia ku Canada linafalitsa mpangidwe wa BlaR1 m'chaka cha 2023. Cholinga cha ntchito yotere n'chakuti, ukadziwa pomwe uthenga umadutsira, ungathe kupanga mankhwala otseka pamenepo, kuti penisilini wakale uja ayambirenso kupha. Mapuloteni a fuko la AgrC amakopanso ofufuza chifukwa thupi la munthu lilibe ofanana nawo, ndiye mankhwala owagonetsa sayenera kutivulaza ife. Koma mankhwala otere sanafike m'chipatala chilichonse. Akadali m'malabotale.

Zimenezi zinandipweteka mtima, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri si mwendo wanga ayi. Ndi mwana wanga wamkazi, amene ndinkam'mwetsa makapisozi pa chimfine chilichonse. Chimfine chimadza ndi vairasi, chitopa chimodzimodzi, ndipo amoxicillin sachita kanthu kwa vairasi. Chimene ankachita m'thupi la mwanayo n'kupha mabakiteriya ofooka n'kusiyira malo olimba. Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini mu 1928, anachenjezeratu za kumwa mankhwalawa mopereweza pamene ankalandira mphoto ya Nobel mu 1945. Chenjezolo linafika pakhomo panga patapita zaka zoposa 70, ndili chigonere m'wodi.

Ndipo si nkhani yakutali. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome lakhala likuyeza magazi a odwala kuyambira 1998. Zomwe linafalitsa mu 2017 zinaonetsa kuti pa mabakiteriya a Klebsiella, osamva mankhwala a fuko la ceftriaxone anali pafupifupi 12 pa 100 alionse mu 2003, koma pofika 2016 anali atakwana 90. Ceftriaxone ndi jakisoni amene zipatala zathu zimathamangira munthu akafika ali kayakaya. Sindikunena kuti kachitini kanga ndi komwe kanabweretsa zonsezi, koma timachitini totere tili m'nyumba zambiri kuyambira ku Dwangwa mpaka ku Nsanje, ndipo kanga kanali kamodzi mwa ito.

Ine jakisoni anandigwira. Kutupa kunaphwa, ngakhale kuti mpaka lero ndimatsimphina ndikayenda mtunda wautali. Nzimbe zotsala anadula ndi aganyu, ndipo ndalama yowalipira inaposa kutali ija ndinkaiumira ya ulendo wa kuchipatala.

Pa bedi loyandikana ndi langa panagona msodzi wina wachikulire amene mbedza inamubaya m'dzanja. Tinkagawana phala ndi nkhani za panyanja. Iye anamusinthira mankhwala, anamusinthiranso, koma kutentha thupi sikunatsike. Tsiku limene ananditulutsa, iye anali kumukweza mu ambulansi kupita ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mkazi wake akutsatira ndi mtolo wa zofunda pamutu.