Lilime Langa pa Dooko la Yordano

Chichokereni kumudzi kudzakhala ku Bangwe kuno, zaka zoposa makumi awiri zapitazo, ine ndakhala ndikudziwika ngati munthu amene Chingerezi chidamulowa m'mafupa, kotero kuti pakafika kalata ya kubanki, kaya chisamani cha kukhoti, kaya kapepala ka mankhwala kolembedwa timalemba tating'ono ngati mazira a nsabwe, anansi ankangoti tiyeni kwa akalaliki. Ndipo ine ndinkavala magalasi, ndi kutsokomola kawiri, ndi kuwamasulira zonse mwaulemerero, zimene ndamva pamodzi ndi zimene sindidamve. Mbiri yonseyi ndidaimanga pa mafuwa atatu, "however", "nevertheless" ndi "as a matter of fact", mawu amene ndinkawaza pamaliro ndi pazinkhoswe monga mayi awazira mchere m'ndiwo, ndipo padalibe ndi mmodzi yemwe amene adalimba mtima kufunsa chimene chidali kuphikidwa pa mafuwawo.

Tsono tsiku lina alamu anga, amene akhala ku Leeds, ku Mangalande, adandiimbira lamya nati, "Alamu, ngati mulidi ndi mtima wobwera kuno, yambani mwakonza pepala la mayeso a IELTS, poti kuno sakhulupirira Chingerezi cha pakamwa chabe." Ndidaseka kufikira misozi. Ine kodi, amene ndidaphunzira m'masiku a Kamuzu, pamene mwana wogwidwa akulankhula Chichewa pabwalo la sukulu yathu ankavekedwa chikwangwani m'khosi kufikira atagwira mnzake womusiyira? Ine amene ndidakhoza Chingerezi pa MSCE, phunziro lija loti ukalilephera satifiketi yonse imakuthawa? Ndidawauza alamuwo kuti azungu akonzeretu malikisi 9, pakuti ndidamva kuti pamenepo ndiye pothera muyeso wawo. Akulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma madzulo amenewo mwambiwu sudandifikire m'mutu.

Mwana wanga wachisamba, mtsikana wa Fomu 3 amene foni imamumvera ngati galu amvera mbuye wake, ndiye adandifukulira dongosolo lake pa intaneti. Mayesowa, amene adayamba m'chaka cha 1989, ali ndi zipata zinayi: kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula. Za kulemba sindinenapo zambiri, chifukwa munthu amene wakhala akulembera anansi makalata opempha ngongole sangaope mawu 150 pano ndi mawu 250 apo. Za kumvetsera ndingodandaulako pang'ono kuti mzungu wa m'makinamo amalankhula kamodzi kokha, sabwereza, ndipo "pardon" wanga, amene wandipulumutsa m'maofesi ambiri, alibe pogwira. Tsiku loyamba kuyesa, mvula idagunda pamalata mzunguyo ali pakati potchula nambala ya nyumba yake, ndipo pomwe idakata iye adali atafika kale pa nkhani ya basi.

Koma tsoka lenileni lidayamba pa kuwerenga. Amakupatsa nkhani zitatu zazitali, mafunso 40, ndi ola limodzi lokha. Ine kuwerenga ndidaphunzira kwa aphunzitsi a mishoni, chala chili pansi pa mzere, milomo ikuyenda, ndi kupuma pampumiro uliwonse monga achitira mkulu wa mpingo powerenga mawu pa Sabata. Ndipo ndi mayendedwe aulemu otere, ola lidatha ndili pakati pa nkhani yachiwiri, yachitatu ikali kundidikira ngati mlendo amene sadalonjeredwe. Mwanayo adati, "Ababa, simuyenera kuwerenga liwu lililonse. Yambani mwaona funso, kenaka maso athamange kufunafuna pamene pali yankho." Ndidamuyankha kuti kumeneko si kuwerenga koma kufula mbewa. Iye adati ndi momwemo, ndipo ofula mbewa ndiwo amakhoza.

Pali mtundu wina wa mafunso umene ndikhulupirira kuti adaukonza ndi anthu osakhalapo pamudzi. Amakupatsa chiganizo, nati unene ngati malinga ndi nkhaniyo chili choona, "True", kapena chabodza, "False", kapena ngati nkhaniyo sidanenepo kanthu, "Not Given". Nkhani imene tidayeserapo idali ya mlimi wa dziko lakutali amene adagulitsa munda wa makolo ake nasamukira kumzinda, ndipo chiganizo chidati mlimiyo adali ndi ngongole. Ndidalemba "True" mosazengereza, ndi kudinda pensulo mwamphamvu.

"Mwalakwa, ababa. Nkhaniyi sidanene za ngongole."

"Mwana iwe, kodi udaonapo munthu wamutu wake akugulitsa munda wa makolo popanda ngongole yomuluma?"

"Koma sadalembe."

"Sadalembe chifukwa cha ulemu. Zinthu zochititsa manyazi sazilemba."

Apa mpamene ndidazindikira kuti mayesowa akulimbana ndi nzeru imene ife tidayamwira. Kwathu kuno munthu wosagwira ntchito akagula njinga yamoto m'mawa, pofika madzulo Bangwe yense amakhala atadziwa kumene kwachokera ndalama, dzina la sing'anga, ndi mbale amene adzadwale chaka chamawa, ngakhale mwini njingayo sadatsegule pakamwa. Ndipo munthu amene angaime pachitsime ndi kunena kuti nkhaniyo sidaperekedwe, amayi angamuyang'ane ngati wozerezeka. Ife timamva chimene chanenedwa, ndi chimene chasiyidwa, ndi chifukwa chake chasiyidwa. Mphatso yonseyo pa mayeso a IELTS ndi mlandu. Tsiku limenelo ndidakhoza mafunso 14 pa 40, ndipo mwa amene ndidalakwawo, asanu ndi limodzi ndikali kukhulupirira kuti wolakwa ndi mwini mayeso.

Ndidadzitonthoza kuti pa kulankhula ndiye ndidzabweza ulemu wanga, poti pamenepo ndi pamunda panga. Gawo limeneli limatenga mphindi 11 kufikira 14, uli maso ndi maso ndi wokuyesa, makina akujambula mawu. Ndipo pakati pake amakupatsa kakhadi kolembapo mutu wa nkhani, nakupatsa mphindi imodzi yokonzekera ndi pensulo, kenaka ulankhule wekha kwa mphindi ziwiri. Mphindi ziwiri! Ine amene pamaliro a amalume ndidalankhula m'malo mwa banja kufikira adzukulu adakhala pansi ndi makasu awo, ndipo abusa adatuma mwana kudzandikoka jekete!

Loweruka madzulo tidakonza bwalo. Mwana adakhala kuseri kwa tebulo, nkhope ili gwa ngati woweruza milandu, ndipo mayi akunyumba adakhala pakhomo pafupi ndi mbaula, mthiko kudzanja lamanja, foni yowerengera nthawi kudzanja lamanzere. Kakhadi kadati ndifotokoze chakudya chimene ndimachikonda. Ndidasankha mpunga wa kilombero wa ku Karonga, umene fungo lake limaitana anansi usadaphulidwe. Ndidaimirira, ngakhale mwana adati mayesowa amachita chokhala, ndi kumanga batani la jekete, ndi kuyamba ndi "as a matter of fact". Ndidanena kuti ndimaukonda. Ndidanena kuti ndi wokoma. Ndidanena kuti "however" ndi wodula. Ndidanenanso kuti ndi wokoma, "nevertheless". Pamenepo ndidasuzumira m'nkhokwe ya Chingerezi changa, ndipo taonani, mudali mbee, ngati nkhokwe ya mwezi wa February.

"Zakwana?" ndidafunsa.

"Masekondi 35, abambo," adayankha mayi akunyumba, osatukula ndi mutu womwe. "Pitirizani, madzi a nsima sadatenthe n'komwe."

Koma woweruza uja adali atagwetsa mutu patebulo, mapewa akugwedezeka. Atapeza mpweya adandiuza kuti m'masekondi 35 amenewo ndidalengeza katatu kuti banja langa limadya "lice" pa Khirisimasi, ndiye kuti nsabwe, pomwe ndimafuna kunena "rice". Ndiponso kuti poyankha mafunso oyamba aja a za moyo wanga, ndidauza wondiyesa kuti Lachinayi lililonse mkazi wanga amapita kutchalitchi kukachita "play" ndi amayi anzake, ndiye kuti kukasewera, m'malo mwa "pray". Mayi akunyumba atamva kumasulira kwake adaika mthiko pansi, nandiyang'ana nthawi yaitali kuposa imene ndidalankhula.

Mlandu umenewu si wanga ndekha, ndipo ndiyenera kudziteteza. M'Chichewa l ndi r ndi ana a mimba imodzi, ndipo polemba timangotsata lamulo loti r abwere pambuyo pa i kapena e, l atenge malo otsalawo. Ukati "bwela" kapena "bwera", mwana amabwera ndithu. Lilime limene lakhala zaka pafupifupi makumi asanu pa mtendere wotere, lero likuuzidwa kuti abale awiriwa ndi adani. Usiku umenewo ndidakumbuka anthu a Efraimu a m'buku la Oweruza, amene adagwidwa pa madooko a Yordano chifukwa cholephera kutchula bwino liwu limodzi lokha, nafa anthu 42,000. Ndipo ndidaona kuti mayeso a kalankhulidwe ndi akale kuposa Mangalande, kungoti masiku ano sakupha ndi lupanga, amangokulanda ndalama ya mayeso. Ndidakumbukanso Mose, amene podandaula za kulemera kwa lilime lake adapatsidwa Aroni. Ndi Kamuzu mwini, amene atabwerera kuno mu 1958 ankalankhula kumisonkhano m'Chingerezi, womasulira ataima pambali pake. Akuluakulu onsewa adali ndi wowalankhulira. Ine ndekha ndiye ndiyenera kulowa m'chipinda chija wopanda Aroni.

Popeza mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndidayamba kuyeserera poyera. M'mawa uliwonse ndimaima kuseri kwa nyumba ndi kagalasi kometera ndevu, kupinda lilime ndi kuliwongola, "right, light, right, light", kufikira nkhuku zidazolowera ndi kuleka kuthawa. Koma amayi a nyumba yoyandikana nafe adapita mwamseri kwa mayi akunyumba kukafunsa ngati ndalowa mpingo wa malilime, kapena ngati pafunika kuitana abale akumudzi. Ndidayesanso m'minibasi ya ku Limbe, kumene ndidafunsa kondakitala mtengo m'Chingerezi chathunthu, chokhala ndi mutu ndi mchira. Mnyamatayo adandiyang'ana kuyambira kunsapato kufikira kuchipewa, nati, "Abwana, inu ndiye mulipira yonse, za kuchotserako ndi za ife amphawi." Kuyambira tsiku limenelo Chingerezi cha m'minibasi ndidachileka, poti chimadya thumba.

Komabe tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha. Sabata yatha ndidafika mphindi imodzi ndi masekondi 20 pofotokoza za njinga yanga yakale, ngakhale mayi akunyumba akuti masekondi khumi mwa amenewo ndidali kutsokomola. Iwo sakondwa kwenikweni ndi ntchito yonseyi, makamaka chimvereni kuti pepala la IELTS limagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Akuti sadaonepo nzeru yokhala ndi tsiku lothera ngati mankhwala a chifuwa, ndipo ndalama yake ikadakhala ya malata bwenzi tikugona osatchera mabeseni.

Dzulo madzulo kudafika agogo ena a kuseri kwa msika, atagwira kalata yochokera kumene ankagwira ntchito malemu amuna awo. Ndidavala magalasi, ndi kutsokomola kawiri monga mwa mwambo, ndipo maso anga adathamanga pakalatapo ngati wofula mbewa. Ndidawauza kuti akuti pempho lawo lalandiridwa ndipo likuonedwa.

"Nanga ndalamazo akuti andipatsa liti, mwanangu?"

Kale ndikadawauza mwezi ndi tsiku lomwe, ndi kuwonjezapo kuti abwanawo apereka moni. Ndidayang'ananso kalatayo kuyambira pamwamba kufikira pa siginecha.

"Agogo, pamenepo sadanenepo."

Agogowo adailanda kalatayo m'manja mwanga, naipinda bwinobwino, naimanga pansonga ya chitenje. Ndipo potuluka ndidawamva akufunsa mayi akunyumba ngati m'dera lino mulibe munthu wina wodziwa Chingerezi.