Flashi ya madala

Kuno ku Wonderkop anthu akwathu amanditcha wa makompyuta, chifukwa choti ndinaikapo Linux Mint pa laputopu yakale imene ndinagula ku Rustenburg, ndipo dzinalo sindinalikanepo. N'chifukwa chake madala ena a ku Dedza, amene takhala nawo moyandikana ku Nkaneng kuyambira mgodi udakali wa Lonmin, anandipeza atafumbata flashi m'manja. Mlongo wawo anamwalira kumudzi, iwo sanathe kupita, ndiye wina wobwera pa basi anawatengera kanema wa mwambo wonse wa maliro.

"Mwana wanga, Lamulungu tidzaonere pa makina akowa."

"Musadandaule madala, zimenezi n'zazing'ono."

Ndinakopera kanemayo mu hard disk yanga yolumikiza pa USB, momwe ndimasungira mafilimu, n'kumuyesa. Ankachita chibwibwi. Kwaya ikangoyamba nyimbo, chithunzi chii, kenako anthu n'kulumphira kutsogolo. Nditatsegula top, pulogalamu yoonetsa ntchito imene purosesa ikugwira, ndinapeza nambala ya wa ili pamwamba pa 60. Ndinkadziwa kuti wa ndi iowait, kudikira, koma kuti purosesa ikudikira ndani sindinadzifunse. Ndinangogamula kuti wolakwa ndi hardware acceleration, njira ija yopereka ntchito yomasulira kanema wa H.264 kwa chipu ya zithunzi kudzera mu VA-API kuti purosesa ipume.

Ndinaizimitsa. Nambala ija inatsikadi, ndipo ndinathamanga kukauza madala kuti zatheka, koma pobwerera ndinapeza fani ikulira, laputopu yatentha ngati mbaula, kanema akujejemabe. Ndiye ndinati vuto ndi driver, ndinagula data, ndinachotsa ichi n'kuikapo icho, ndinalemba malamulo amene sindinkawamva, ndinazimitsa n'kuyatsanso, ndipo sikirini inangoti bii, mdima wokhawokha, Lachinayi usiku. Kuti ndiikenso Linux pankafunika flashi, ndipo flashi imene inali pafupi inali ya madala. Ndinadziuza kuti kanema ali bwinobwino mu hard disk, n'kuifufuta yonse. Sindinawapemphe. Pa zonse zimene ndinachita sabata imeneyo, ichi ndi chimene chimandisowetsa tulo.

Linux yatsopano, chibwibwi chomwecho. Lachisanu ndinamasula laputopu kuti ndichotse fumbi, poti fumbi la kuno limalowa ngakhale mu shuga, n'kuthyola kachingwe ka sipika. Loweruka ndinakwera tekisi mpaka ku Rustenburg kukagula RAM, wogulitsa anandifunsa kawiri konse ngati ndikudziwa mtundu wake, ine ndinayankha mokweza kuti DDR4, ndipo nditafika kunyumba kampata kake sikanagwirizane ndi malo ake chifukwa makina angawo amafuna DDR3. Ndinakhala pabedi ndili nayo m'manja, nkhope ikutentha, ngakhale munalibe wondiona.

Usiku umenewo magetsi anathima, mawayilesi a m'mashabini onse zii. Laputopu ili pa batire, ndinamva kaphokoso kamene kanalipo sabata yonse: tiki, tiki, tiki, kuchokera mu hard disk. Ndinalemba dmesg, lamulo loonetsa mauthenga a Linux, ndipo mizere ya I/O error inadzaza sikirini.

Apa m'pamene ndinamvetsa. Nambala ya wa imawerenga nthawi imene purosesa yangokhala yopanda chochita pamene pali ntchito yodikira disk. Acceleration ikayatsidwa, purosesa imakhala ndi mpata, choncho kudikirako kumaonekera poyera. Ikazimitsidwa, purosesa imatanganidwa ndi kumasulira kanema, nambala n'kutsika, koma disk ikudwalabe chimodzimodzi. Ine ndinabisa chizindikiro n'kumati ndachiza matenda. Disk imeneyi inagwapo pa simenti chaka chatha, ndinkadziwa, ndipo ndi m'menemo mmene ndinasiya kanema yekhayo wa maliro a mlongo wa munthu.

Ndinachezera ndi ddrescue, imene imakopera malo abwino kaye kenako n'kubwerera pa owonongeka. Batire linatha, magetsi anabwera, ndinapitiriza. Kutacha, zambiri zinali zitapulumuka, kupatula chigawo china chakumanda.

Madala anabwera titaweruka kutchalitchi, atavala jekete, ndi anzawo anayi. Ndisanayatse ndinagwada n'kufotokoza zonse, za flashi zomwe. Sanandikalipire. Anangoti, "Yatsa tione." Mawu ankatulukira pa sipika yobwereka. Tinaona siwa, tinamva kwaya, tinaona adzukulu atanyamula bokosi, kenako chithunzi chinasweka timabokositimabokosi n'kudumphira pamene amayi akuyala nkhata pa mtumbira.

"Tabwezera pang'ono, mwana wanga. Ndikufuna ndione akumutsitsa."

Ndinabwezera, ngakhale ndinkadziwa kuti palibe. Anandipemphanso, ndinabwezeranso. Madzulo ake ndinaimba ku Dedza kufunsa ngati wojambula kanemayo anasunga kope lake, ndipo anati akafufuza. Mawa ndiimbanso.