Ulemu kwa Ng'oma Yamphako

Aliyense amene anaonapo mmisiri akusema ng'oma amadziwa kuti luso lake lagona pa kuchotsa. Amatenga chipika cholemera n'kuchikumba m'kati mpaka patsale khoma lokha, kenako n'kukutapo chikopa. Chipika chosakumba, ngakhale uchimenye ndi mphamvu zako zonse, chimangokupweteka dzanja, pamene champhako chimamveka kuchokera ku Katoto mpaka ku Mchengautuwa. Mfundo nazo zili chomwecho. Aphunzitsi ndi olemba mabuku akhala akunyoza mfundo yopanda kanthu m'kati, akuitcha bodza lovala jekete, koma nthawi yakwana yoti wina aiimirire pabwalo. Mu mzinda wa Mzuzu mulibe wantchito wina wokhulupirika ngati iyo, ndipo ubwino wake wonse ukuchokera m'mphakomo.

Poyamba tione kulimba kwake. Umboni ndi katundu wovuta kusunga chifukwa umafuna denga, mashelefu ndi munthu wolipidwa woupukuta fumbi. Pa 18 December 2015 moto unanyeketsa laibulale ya Mzuzu University ku Luwinga, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa kusanache. Tsiku lomwelo ku depoti, mawu oti "aliyense akudziwa" anadzuka ali bwinobwino, opanda ndi chipsera chomwe, pamodzi ndi mng'ono wake "akuti". Awiriwa safuna denga, amagona m'kamwa mwa munthu ndipo amakwera kabaza osalipira. Makolo anayesa kuwachepetsa mphamvu ponena kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, Aristotle anandandalika mitundu 13 ya mfundo zonyenga, poganiza kuti nyama ukaidziwa mapazi waigwira. Iye anapita kalekale, koma mitundu 13 yonseyo ili moyo ndipo inaphunzira Chitumbuka, Chitonga ndi Chichewa.

Kenako pali changu chake, ndipo apa mfumu ndi funso loti "Kwanu n'kuti?" Kutsutsa zimene munthu wanena kumafuna kuwerenga ndi kuwerengetsera, koma kufunsa mudzi wake kumangofuna mpweya umodzi. Anthu a kumpoto mphamvu ya funsoli amaidziwa bwino. Mu 1989 boma la Kamuzu Banda linalamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ati chifukwa ochokera kumpoto ankaphunzitsa mwadala mosalongosoka ana a m'chigawo chapakati ndi chakummwera. Tangoganizani ntchito imene ikanakhalapo pofuna kutsimikiza zimenezi: kuyendera kalasi ndi kalasi, kufananiza zotsatira za mayeso, kumva mbali ya mphunzitsi aliyense. Zonsezo zinapewedwa pongoyang'ana dzina la boma limene munthu anachokera, mabanja n'kumanga katundu. Funso lomwelo linalowanso m'kasankhidwe ka ophunzira a ku yunivesite mwa kota, kamene kanabwerera mu 2009 n'kudzathetsedwa mu 2020. Ndipo ng'oma iyi ilibe tsankho, imavomera dzanja lililonse. Mu Mzuzu momwemo, munthu akadzudzula wandale wobadwira konkuno, sachedwa kufunsidwa funso lomwelo m'Chitumbuka kuti "Kukaya nkhu?" ndipo akangoyankha, mlandu watha, zimene ananena zija osazikhudza n'komwe.

Mfundo yamphako imasunganso mtendere pamsonkhano. Mayi wa ku Chibavi aimirira n'kufunsa chifukwa chimene ngalande ya pafupi ndi nyumba yake sinakonzedwe, chonsecho madzi amalowa mpaka kuchipinda mvula ikagwa. Yankho loona likanafuna masiku, ndalama ndi dzina la wolakwa, ndipo wina akanachita manyazi. M'malo mwake wapampando amwetulira n'kuti, "Ndiye mayi mukuti ife sitinachite chilichonse chilowereni pampando?" Mayi uja sananene zimenezo, koma wamuika mawu m'kamwa, ndipo mphindi makumi awiri zotsatira zithera pogonjetsa mawu amene palibe anawalankhula. Anthu aomba m'manja, mayi akhala pansi, ngalande ikhala mmene inalili. Zikavuta kwambiri pali mankhwala a matenda onse: "Nanga enawo anachita chiyani?" Mu 2015 Peter Mutharika anaika mwala wa maziko wa yunivesite ya Mombera ku Mzimba. Chisankho cha 2019 chinabwera, cha 2020 chinabwera, wophunzira ndi mmodzi yemwe asanakhale m'kalasi kumeneko. Wofunsa za nkhaniyi amalozeredwa boma linalo, a boma linalo n'kulozera anzawo, mpaka wofunsayo khosi kumuwawa ndi kutembenuka. Mwalawo ndi mlaliki wodziwa ntchito: sulankhula, koma umakhutiritsa anthu kuti chinthu chimene chayambidwa chili ngati chatha.

Ena adzati ng'oma yotereyi imapha, ndipo adzakumbutsa za anamapopa a mu 2017, pamene mphekesera yoyambira ku Mulanje ndi Phalombe inaphetsa anthu osachepera 8 amene palibe anawapeza ndi dontho la magazi a munthu. Zimenezo n'zoona, ndipo palibe angaseke maliro. Koma wodandaulayo wavomereza yekha mphamvu imene tikuitamayi. Ndi lipoti liti la akatswiri limene linagonekapo mudzi wonse panja usiku, zibonga zili m'manja? Mphekesera ija inali ndi linga lolimba: wofunsa umboni ankasanduka umboniwo, chifukwa ati wokana kuti anamapopa aliko ndiye kuti akudya nawo. Mfundo imene imanenepa ukaitsutsa ndi yoyenera kuivulira chipewa, ngakhale chipewacho tichivule titazyolika.

Ena adzati umboni unapambanapo poyera, ndipo adzatchula tsiku la 3 February 2020, pamene majaji asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 21 May 2019 ataona mapepala opakidwa Tipp-Ex. Ndithu unapambana, koma taonani mtengo wake: miyezi yoposa isanu ndi itatu, mboni zofunsidwa masiku ambirimbiri, ndi chigamulo cha masamba pafupifupi 500 chimene chinawerengedwa kuyambira m'mawa mpaka mdima. Ndani ali ndi nthawi yotere pokangana pa bawo kapena pa WhatsApp? Choonadi chimayenda ngati lole yodzaza simenti pa chitunda cha Chiweta, pamene mfundo yamphako imadutsa ngati njinga yamoto yopanda katundu, ndipo lole ikamafika mumzinda imapeza inzake itadya kale nsima n'kusamba m'manja.

Mdani weniweni wa ng'oma yathu sali kukhoti kapena ku Luwinga, ali ku msika wa Zigwagwa. Taonani mayi akugula chimanga. Wogulitsa akuthira mawu okoma, akulumbira kuti chidebe n'chodzaza, koma mayiyo sakumvera pakamwa. Atenga chidebe, achitembenuza kuti aone ngati pansi pake sanapaphwanyire m'kati, apisa dzanja mpaka m'chigongono kuti amve ngati m'munsi mulibe chofumbwa, aluma njere imodzi, ndipo pokhapo ndi pamene amasula mfundo ya pachitenje. Safunsa kwawo kwa wogulitsa, ndipo akamuuza kuti wa benchi linalo amaba koposa, iye amangoti wabwera kudzagula pano. Khalidwe limeneli ndi loopsa. Tsiku limene mayiyu adzapite nalo kumsonkhano n'kuyamba kufunsa kuti wanena ndani, anaziona kuti, ndipo zikukhudzana bwanji ndi funso lake, alankhuli ambiri adzasowa pogwira.

N'chifukwa chake tonse okonda phokoso labwino tiyenera kuonetsetsa kuti nzeru za pamsika zizitsala pamsika. Paja akuluakulu anati ng'oma yolira sichedwa kung'ambika, koma zimenezo zisatidetse nkhawa, pakuti zikopa n'zotsika mtengo ndipo zaka zisanu zilizonse amakutapo chatsopano. Chimene ng'omayi singapirire ndi chimodzi chokha: munthu wosavina amene amaitembenuza n'kusuzumira kunsi kwake.