Chitetezo cha m'thupi ndi cha m'thumba

Elderberry ndi tizipatso takuda ta chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa Sambucus nigra. Tosaphika timasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, popeza m'masamba ndi m'njere zake muli poizoni wonga wa m'chinangwa chowawa. Eni ake amatiphika, n'kuthira shuga, n'kutsekera m'botolo lolembedwa kuti limakweza chitetezo cha m'thupi. Kafukufuku wochepa amene alipo amangoti mwina chimfine chimatha msangako pang'ono.

Ku Namitambo, m'boma la Chiradzulu, botololi limabwera ndi mlamu wa ku Joni, ndipo silifikira kuthupi: limayambira kuthumba. Wodwala amene nkhani yake yafufuzidwa kwambiri ndi mlembi wa nkhani ino, munthu amene kuseri kwa nyumba yake kuli mtengo wa chammwamba wodyedwa ndi mbuzi yokha. Mu 2021, pa mliri wa Covid-19, iye anadzifukiza ndi bulugamu atafunda bulangete, n'kumwa tangawizi ndi mandimu mpaka mano kuyayamira. Thumba linapirira. Linadzagwa kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene mlamu anakweza botolo kuchoka pa nkhuku ziwiri kufika pa zinayi, ati katunduyu amagula ndi marandi.

Zizindikiro za thumba lotsika chitetezo n'zosasowa. Limaonda, limapepuka, limagwidwa ndi kangongole kalikonse kodutsa. Mwini wake akaona wa banki m'khonde amatuluka thukuta, ndipo kabaza amamupatsa chizungulire, choncho amayenda wapansi. Matendawa ndi opatsirana: nkhuku zitatha, mayi a kunyumba anayamba kuphika nkhwani wopanda nsinjiro, ana nawo n'kuonetsa zizindikiro.

Chosaseketsa n'chakuti Chiradzulu imadziwa kale chimene chimabwezadi chitetezo chikagwa. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV m'bomali mu 2001, anthu amene abale anali atataya nawo mtima n'kudzuka kukalima. Mankhwalawo ndi aulere. Wogulitsa aliyense wonong'oneza munthu kuti awasiye chifukwa cha botolo lotsekemera akumukumbira manda, ndipo akumulipiritsanso khasu.

Mlembiyu chimfine chinamugwirabe m'mwezi wa Juni, chinatha patapita sabata ngati chaka chilichonse. Thumba likadali chigonere. Mbuzi ija sinayetsemuleko.